Kadontho pachipumi pa mkwatibwi

Amayi, kaya mukudzuka bwanji uko munapitako? Ife kuno ku Malindi tilipo, kungoti kwatentha ndipo fumbi lachuluka. Mpongozi wanu Esinati anachira bwino, mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Chifuwa chinamuvuta masiku apitawa, ine osagona, koma tsopano akuyamwa. Chimanga sichinachite bwino chaka chino, chinangwa ndicho chatigwira dzanja. Abambo akusokabe maukonde.

Nkhani yeniyeni ndi ya kamera ija munkaitcha khasu langa. Inatsala pang'ono kundithera m'manja.

Ndinapita kukajambula chinkhoswe ku Katuli pa njinga yamoto. Ndili m'mbali mwa msewu ndinati ndisinthe lenzi, galasi la kutsogolo lija, ndipo lole inadutsa kamera ili kukamwa yasa. Zithunzi zitatuluka, chilichonse chinali ndi kadontho kakuda pamalo amodzimodzi. Pa china kanagwera pachipumi penipeni pa mkwatibwi. Azakhali ake anachikana, ati ndi malodza. Amayi, mukudziwa mmene nkhani imayendera kuno. Loweruka ndili ndi ukwati ku Nkope, ndipo ikamveka yoti kamera yanga imadinda akwati pachipumi, andiitananso ndani? Mwanayu adya chiyani?

Ndinapukuta lenzi ndi malaya, osachoka. Kenako ndinazindikira kuti fumbi lili m'kati, pa kagalasi kakang'ono ngati chikhadabo kamene kamagwira chithunzi. Amakatcha sensa. Kakakandika, basi, kamera yatha. Ine ndi phuma langa ndinauzira ndi pakamwa ngati ndikukoleza moto. Malovu! Kadontho kamodzi kanabereka anzake asanu. Ndinali nditakulunga kale thonje pa kamtengo ka machesi pamene ndinakumbukira mawu anu aja, oti chitsotso cha m'diso sachotsa ndi chala. Ndinakayika pansi kamtengoko.

M'mawa mwake ndinawoloka mlatho kupita ku boma, kwa mdala wina wa situdiyo yojambulira zithunzi. Anandiseka mpaka kutsokomola. Iwo anakana kuigwira, ati kamera ya mwini satsegula, koma anandigulitsa kampira kopopera mpweya, timitengo tokutidwa kansalu kunsonga ndi kabotolo ka mankhwala, n'kundionetsa kapukutidwe kake pa kamera yawo.

Ntchitoyo ndaichita lero. Esinati anatuluka ndi mwana, ndinatseka mawindo, n'kuwaza madzi pansi monga munkachitira musanasese, kuti fumbi ligone. Batire ndinalidzaza kaye, chifukwa likathera pakati kachitseko kotchinga sensa kamatsekeka n'kupana kamtengo. Kamera ndinaizondotsa kuti zinyalala zigwere pansi, n'kupopa. Kenako dontho limodzi la mankhwala pa kamtengo, n'kukadutsitsa pa sensa kamodzi kokha, kuchokera uku kufika uko. Ndinkagwira mosamala ngati tsiku lija ndinanyamula mwana koyamba. Thukuta ndinkalipukutira paphewa kuopa kuti lingadonthere momwemo.

Ndinatuluka n'kujambula kumwamba, poti pamenepo m'pamene dontho silibisala. Kunatsala madontho awiri. Ndinabwereza ndi kamtengo katsopano, n'kujambulanso. Kuyera, Amayi! Ndinakuza chithunzicho ngodya zonse, osapeza kanthu. Ndinangokhala pansi pakhonde, Esinati akundiseka kuti ndajambula mitambo kakhumi. Ku Nkope ndipita mtima uli m'malo, ndipo lenzi ndizisinthira m'nyumba basi.

Chimene chandiwawa n'chakuti zaka zonsezi ndajambula anthu a eni, koma chithunzi chanu ndili nacho chimodzi chokha, cha pachitupa, mutakwinya nkhope. Ndinkati ndidzakujambulani mawa. Abambo amakana kujambulidwa, ati akalamba. Ndikukulonjezani kuti madzulo ano ndiwakhazika pampando, afune asafune, mdzukulu wawo ali pamiyendo.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Yohane