Mphasa Yokulunga M'mutu mwa Chipiliro

Zemba, Chadiza
Ogasiti 1997

Trywell, mwana wa mlongo wanga,

Kalata yako yatiika pamoto. Aphunzitsi akutiwerengera pakhonde, abale a mnyamata wa ku Mlolo wofunsira mlongo wako Leah anali pomwepo.

Moni. Ife tilipo, thonje tatola, koma mtima suli m'malo.

Unalemba kuti malangizo omangira ubongo, amene mwana amatengera kwa makolo, amakhala okulungidwa ngati mphasa. Unati mwina Chipiliro, mwana wa m'bale wathu Esnat, salankhula chifukwa mbali ina sinafunyululidwe pa nthawi yake ali m'mimba. Ine kusukulu sindinapondeko, koma mphasa ndimazidziwa. Yokulunga si yong'ambika ayi! Koma a ku Mlolo akuti kaya yokulunga kaya yong'ambika, yachokera kwa ife. Ankhoswe awo asiya kubwera, Leah akungowonda.

Wina wayamba kufunsa za mng'ono wanga uja sankatuluka m'nyumba. Za ameneyo sindilembetsa, tidzakamba pamaso.

Iwe Trywell, odwala ako a ku Lusakawo adikire. Ubwere mwezi uno usanathe, ukakhale pansi ndi anthuwo, uwafunyululire wekha mphasa wayambitsayi.

Ndine amalume ako,
Yosiya Mbewe