Mabowo Akumbuyo kwa TV ya Amayi

Rosettenville, Joni
Lamlungu, 17 Ogasiti 2025

Okondedwa achemwali anga a Scholastica,

Lero titachokera kutchalitchi tinakhala pansi anthu anayi m'chipinda mwanga muno: ine, mkazi wanga Eliza, mnzanga Noah wa ku Ntaja amene amakonza mafoni, ndi a Uladi amene amatinyamulira katundu wopita kumudzi. Zimene tinakambirana ndi zimene ndikukulemberanizi. Koma ndiyambe ndafunsa za moyo. Muli bwanji kumeneko ku Utale? Abambo akupeza bwanji, shuga uja watsikako? Nanga inu mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatilowa m'mafupa, ndipo mwana wathu wakhala akutsokomola kuyambira pa 4 Ogasiti.

Mwina mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndikaimba mumakweza mawu a foni kuti abambo amve nawo, ndiye pali zina zimene sindingathe kunena iwo ali pomwepo. Kalatayi akupatsani a Zubairu, anzawo a a Uladi, amene akunyamuka Lachiwiri. Muwerenge muli nokha.

Chichokereni pa 20 Julayi mtima wanga sunakhale pansi. Ndilemba zonse motsatana kuti muone pamene panalakwika.

Pa 11 Juni munandiuza kuti adokotala anena kuti diso lamanzere la abambo latheratu, lamanja likungoona zinthu zikuluzikulu, ndipo mwina silifika pa Khirisimasi. Munatinso mukawaonetsa nkhope yanga pa foni amangoona kadontho kakugwedezeka. Ine ndinachoka kumudzi pa 3 Malichi 2018, zaka zisanu ndi ziwiri ndi miyezi isanu zapitazo. Mwana wanga, amene ndinamupatsa dzina lawo la Blasius, ali ndi chaka ndi miyezi iwiri, agogo ake sanamuonepo. Kubwera sindingabwere, mukudziwa. Mapepala anga anatha kalekale, ndikangodutsa pamalire sadzandilolanso kubwerera kuno, nanga mankhwala a shuga adzagula ndani?

Nzeru anandipatsa ndi Noah. Anati pali tizipangizo tolumikiza kumbuyo kwa TV timene anthu kuno amaonera mafilimu a pa intaneti, ndipo timathanso kutenga zimene zikuoneka pa foni n'kuziika pa galasi la TV. Anati ndikadzaimba, nkhope yanga idzakula ngati ya munthu wowerenga nkhani, abambo adzandiona mpaka imvi zimene zayamba kutulukazi.

Pa 5 Julayi tinapita kusitolo yaikulu. Anationetsa zipangizo ziwiri. China ndi kasitiki kotalika ngati chala, ka marandi 649. China ndi kabokosi kakuda ka marandi 1,299, kamene rimoti yake umachita kuilankhula ngati munthu. Wogulitsa anafunsa funso limodzi lokha, ngati TV yathu ili ndi bowo lophwatalala lotchedwa HDMI. Inu tsiku limenelo munali ku Balaka kogulitsa nandolo, ndiye ndinaimbira alamu a Brighton ndili chiimire m'sitolomo. Anati ndidikire pang'ono. Patapita mphindi zitatu anayankha kuti eya, mabowo ophwatalala alipo ambirimbiri. Ndinagula kasitiki, n'kupatsa a Uladi marandi 150 onyamulira.

Za pa 20 Julayi inu munalipo, koma za kuno simuzidziwa. Eliza anamusambitsa Blasius m'mawa, anamudzoza mafuta mpaka mwana kunyezimira, anamuveka kamalaya koyera kaubatizo. Ine ndinameta ndevu. Tinakhala pabedi kuyambira 2 koloko, foni titaitsamiritsa pa chitini cha shuga. Nthawi itakwana 3:40 a Brighton anaimba, mawu ali pansipansi, kunena kuti kasitiki kakukana kulowa paliponse.

Zimene munandibisira anandiuza ndi mwana wanu Luckness. Akuti abambo anasamba m'mamawa, anavala jekete ija ya pa ukwati wanu, anaitanitsa anzawo awiri a m'mphakati kuti adzaone nawo mwana wawo wa ku Joni. Akuti anthu onse atabalalika iwo anakhalabe pampando moyang'ana TV, jekete ili m'thupi, mpaka nkhuku zinalowa m'khola. Kenako anafunsa ngati ine, Wyson wawo, ndafika kapena ndidakali m'njira. Achemwali, mawu amenewo ndimawamva ngakhale ndikutchetcha kapinga kwa abwana.

Alamu musawadzudzule iyayi. Pa 27 Julayi anandiimbira okha n'kundiuza zoona. Tsiku lija ndinawaimbira ndili m'sitolo, TV sanaitembenuze. Anangoima pakhomo la nyumba ya apongozi awo n'kusuzumira, anaona timipata tija totulutsira kutentha m'mbali mwa TV, anati ndi mabowo amenewo. Zaka khumi ndi chimodzi ali pakhomo pathu ngati mkamwini sanalowepo m'nyumba imeneyo asanaitanidwe, ndiye akanayamba bwanji kuvundukula kansalu koluka kamene amayi anaphimbira TV, kamene chimwalirireni iwo palibe anakasuntha? Anati ngakhale pa 20 paja anangopapasa ndi dzanja kumbuyo, n'kumva timabowo tozungulira, titatu kapena tinayi. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, kungoti ndinafunsa munthu amene mwambo unam'manga manja. Mwambowo ndimaudziwa bwino. Cholakwa ndi changa.

Kusitolo kuja ndinapitako pa 2 Ogasiti. Anati kubweza katundu ndi masiku asanu ndi awiri okha, komanso katunduyo ali kuti? Ndinawauza kuti ali ku Malawi. Mtsikana wogulitsa anaseka, koma osati mwachipongwe. Marandi 799 anapita choncho.

Ndiye lero tinayala njira zimene zatsala.

A Uladi anati tingogula TV ina yopyapyala, ngakhale yogwirako kale ntchito, ku Balaka komweko. Kasitiki kalipo kale, kadzalowa, ndipo chithunzi chidzakhala choyera ngati madzi a pamjigo. Anawerengera kuti ingadye marandi 2,300. Eliza anandikumbutsa zimene abambo anayankha nditanena zoterezi mu 2022. Anati TV imeneyo amayi anagula ndi ndalama za thonje la 2010, anaisenza pamutu kuchokera pamsewu, ndipo sichoka patebulopo iwo ali ndi moyo, ina sidzalowanso m'nyumbamo. Ngakhale akanalola, ndalama imeneyo ine ndilibe.

Noah anatchula kachipangizo kena kolowa pakati pa kasitiki ndi TV yakale, ka marandi 260. Koma nakonso kamafuna magetsi akeake, pamene inu munati batire ya sola ikumatha TV ikangoyaka mphindi makumi anayi. Anatinso mwa titatu timene iye anationapo, tiwiri tinkaonetsa chithunzi chongogubuduzika kuchoka pansi kupita m'mwamba.

Chomaliza ndi kabokosi kopanda dzina kamene amagulitsa a Abdulaziz pakona pathu pano, ka marandi 480. Kameneka kali ndi polowetsa chingwe chakale chija cha mitu itatu, wachikasu, woyera ndi wofiira. Apa ndi pamene Noah ndi a Uladi anakangana. Noah anati kameneko ndi kabokosi kopanda bambo, kakafa palibe wokamudandaulira. Anati kake kankatentha ngati simbi ndipo kanafa patangotha miyezi itatu. A Uladi anamuseka kuti ngakhale bulu angafe atamuonetsa mpira wochuluka ngati umene Noah amaonera. Tonse tinaseka. Kenako a Uladi, akusekabe, anati nanga diso la achikulire likufuna zaka zitatu ngati, miyezi itatu ikwana. Eliza anadzuka n'kukayang'ana mwana amene sankalira n'komwe. A Uladi anapepesa kawiri, koma ine sindinawakwiyire. Ananena zimene tonse tinkaopa kunena.

Ndinamufunsa Noah ngati pa galasi lakale lija abambo angandizindikire. Anati nkhope idzakula ndithu, koma idzaoneka ngati munthu waima kuseri kwa utsi. Ndinamufunsanso kachiwiri. Anati sakudziwa, ndipo sakufuna kundinamiza. Palinso nkhani ya netiweki, poti inu mukafuna kundimva bwino mumapita pachulu paja, ndipo TV singapite pachulu.

Choncho achemwali, njira yabwino abambo sangailole, njira imene angailole mwina siwaonetsa kanthu. Ndakhala ndikuwerengera papepala ngati kuti nambala zisintha. Pomaliza ndasankha kabokosi kopanda dzinako. Anzanga atapita ndinatsikira kwa a Abdulaziz n'kusiya marandi 300. Analemba dzina langa pakatoni, n'kunena kuti katundu amatuluka m'sitolo mwawo ndalama ikakwana, osati pamene munthu walira mokwanira. Ananena moseka, koma katoniyo anaiika pamwamba penipeni.

Ndalamayo ndikanamaliza lero lomwe zinthu zikanakhala ngati kale. Kuyambira pa 1 Julayi abwana anandidulira masiku a ntchito kuchoka pa asanu kufika pa atatu pa sabata, akuti m'nyengo yozizira kapinga sakula. Tsiku limodzi ndi marandi 220. Lendi ndi 1,400. Eliza mwezi uno waluka tsitsi la anthu anayi okha, chifukwa akazi onse avala zipewa. Mankhwala a abambo a mwezi wa Seputembala ndapatula kale, amenewo sindiwakhudza.

Pempho langa ndi limodzi. TV ija muitembenuze inuyo, ndi manja anu. Musatume alamu, musatume Luckness. Ndinu nokha amene abambo angakuloleni. Mudikire atadya, muwauze kuti mukufuna kuchapa kansalu ka amayi, ndipo mukachapedi kuti lisakhale bodza. Mukaitembenuza, muijambule kumbuyoko masana kukuwala, kuti mitundu ya mabowo ioneke, chithunzicho munditumizire pasanafike pa 30 Ogasiti. Ngati mulibe bowo lachikasu, loyera ndi lofiira, mungondiuza mosazungulira, ndisiye kuvutitsa anthu. A Uladi akunyamuka pa 2 Seputembala. Akandisiya ulendo umenewu, wina ndi wa pa 14 Okutobala, ndipo sindikudziwa kuti diso lija lidzakhala likuona chiyani pofika tsiku limenelo.

Pochita zonsezi abambo musawauze tsiku lililonse. Ngati kabokosi kadzafike n'kuyaka, adzandione ali ndi malaya awo a masiku onse, ngakhale ong'ambika. Jekete ija asadzaivalenso chifukwa cha ine.

Mundiperekere moni kwa abambo, muwauze kuti mdzukulu wawo wayamba kuyenda mogwira khoma, ndipo mphumi yake ndi yawo yeniyeni. Moni kwa alamu a Brighton, muwauze kuti pakati pa ine ndi iwo palibe nkhani. Moni kwa ana anu onse, kwa amalume ndi azakhali a kutsidya kwa njanji. Wina akamapita ku Machinga akawauze apongozi anga kuti mwana wawo Eliza ali bwino ndipo akuwasowa. Mukapita kumanda kwa amayi mukawauze kuti TV yawo sitikuichotsa, tikungoitembenuza pang'ono.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mchimwene wanu,
Wyson

Ndilembenso apa kuti zisasokonekere. Kabokosi marandi 480, chingwe cha mitu itatu 35, onyamulira a Uladi 150. Zonse pamodzi 665. Ndapereka 300. Otsala ndi marandi 365.