Jini ya M'nyemba

Ayuba 09:12
adokotala a nyemba mwadzuka? mbewu munatipatsa ija ikufa. ikuyamba kuda kunsonga mpaka mizu, ngati yapsa ndi moto

Sauda 09:15
amalume tumizani pic

Ayuba 09:17
[chithunzi]
ndi kudimba kwanga uku. kwa mai Getrude ndi anzawo 6 ndinawagawira aja chimodzimodzi

Sauda 09:19
mayo. munadzalapo nyemba zina pafupi?

Ayuba 09:20
ayi

Ayuba 09:26
kupakiza kokha. momwe sizinamere tinaikamo za pamsika wa Songani. munda wamipata ngati mano a nkhalamba ndani angaufune kkk

Sauda 09:28
ndinakuuzani musasakanize!! za pamsikazo zinabwera ndi virus mkati, nsabwe za mmasamba zafalitsa

Ayuba 09:29
koma iwe unati zakozi zili ndi jini yoteteza

Sauda 09:33
eya. jini ndi chibadwa cha mbewu, chotengera kumakolo. iyi imatchinga virus wamba. koma ukabwera mtundu wina woopsa, chomera chimadzipha chokha pofuna kuutsekereza

Ayuba 09:34
mlonda wootcha nyumba kuti aphe wakuba. anamulemba ntchito ndani

Sauda 09:35
si zoseka amalume

Ayuba 09:41
sindikuseka mwana wa mlongo wanga. pali kanthu sindinakuuze. padoko la Kachulu ndinkanyada kwa anthu kuti nyemba zanga zili ndi jini yozilondera usana ndi usiku

Sauda 09:42
munawafotokozera kuti jini yake iti??

Ayuba 09:43
nthabwala ukaifotokoza imatha mchere

Ayuba 10:58
Sauda

Ayuba 10:58
anthu akuti ndinakatenga majini ku Mozambique, akudya minda ya anthu. mdzukulu wa Getrude wadwala dzulo, akuti ndi zomwezo

Ayuba 11:04
anthu adzaza pakhomo. Samsoni wa mmudzi muno uja wanyamula chikwanje, akuti ngopita kudimba. dimba lake lili mbali inayo

Sauda 11:06
ndinali mu lab. lowani mnyumba. ashehe ali kuti?

Ayuba 11:07
anawoloka kupita kuchilumba cha Chisi kumaliro. akazi anga ndawatulutsira kuseri

Sauda 11:08
ndikukwera minibus pompano, 2 hrs

Ayuba 11:09
2 hrs upeza ndapakizidwa ine. jambula mawu uwafotokozere, iwe amakumvera, unapita kusukulu. fast plz

Sauda 11:12
[mawu ojambula 0:48]

Sauda 11:13
muyambe mwamvera nokha

Sauda 11:13
amalume MUSAYIKE pa loud, ndalakwitsa poyambira, ndijambulenso

Ayuba 11:16
ndaika kale. mawu ako oyamba akuti "inde, nyembazo zili ndi jini"

Ayuba 11:16
zotsalazo palibe wamva

Sauda 11:17
apatseni foni mai Getrude ndiyankhule nawo

Sauda 11:19
[kuimba, sanayankhe]

Sauda 11:24
amalume

Sauda 11:40
tadutsa pa roadblock. ingolembani kkk basi ndidziwe