Msewu Si Thabwa

Lolemba, 2 Juni
Mkamwini watumiza matikiti awiri a ndege, opita ndi obwerera, kuti tikaone mdzukulu wathu woyamba. Mayi a kunyumba asoketsa kale diresi. Koma ine ndege ndimaiopa. Chinthu chopanda mzati, chopanda pochikoleka, munthu wanzeru zake n'kukhalamo? Sindinauze munthu.

Lachiwiri, 3 Juni
Mulungu sagona. Kabedi kamene ndakhomera mwanayo sikangalowe m'ndege. Ndauza mayi kuti ine ndipita nako pa lole ya alamu, amene akukatsitsa simenti kufupi ndi bwalo la ndege la kumeneko. Iwo angoti kabedi kameneka kakhomedwa pa nthawi yake.

Lachitatu, 4 Juni
Ku ofesi ya matikiti kuli mapu pakhoma. Ndinatulutsa tepi n'kuyeza kuchoka pa bwalo lathu kufika pa bwalo lawo, kawiri, monga ndimachitira ndisanadule thabwa. Makilomita 300 basi. Mayi wa pakauntala wavomereza kuti ndege imayenda omwewo. Kunyumba ndalonjeza kuti ife tikalawirira, mayi akamatsika ndege madzulo andipeza pageti ya bwalolo nditasamba kale.

Lachisanu, 6 Juni
Ndili pa lole. Nditawauza alamu za 300 zija anaseka mpaka kutsokomola. Ati, "Alamu, msewu si thabwa." Pakati pali phiri, ndipo mlatho uli kumunsi kwenikweni kwa mtsinje, ndiye timayamba tabwerera m'mbuyo kuti tipite kutsogolo. Akuti 520, matayala akatikomera mtima.

Chakumadzulo ndege inatidutsa pamwamba tikusintha tayala. Alamu anaibayibitsa, ati tiwapatse moni achemwali awo. Ine ndinali kuyang'ana chingwe cha kabedi.

Loweruka, 7 Juni
Tagona m'njira. Tafika lero, ine woyera ngati thumba la simenti. Pageti sipanali munthu. Kunyumba kwa mkamwini ndapeza mwana ali mtulo m'dirowa ya kabati, atamuyalira thaulo. Mkamwini, mwaulemu wake wonse, wafunsa ngati tikitiyo inali ndi vuto. Ndati vuto linali kabedi. Mwanayo tamugoneka m'kabedimo, walira. Tamubwezera m'dirowa.

Lachiwiri, 10 Juni
Mayi ayamba kusimba za ulendo wawo. Akuti makutu anatseka, anasanza m'kathumba ka pepala, ndipo chinthu chija chinkagwa m'maenje oti sakuoneka. Ndinkangogwedeza mutu mwachisoni. Ndinafika powauza kuti zimafunika mtima.

Lachinayi, 12 Juni
Alamu akubwerera mawa. Mpando wa munthu wokwera ndi umodzi, ndipo mayi aikapo kale chikwama chawo. Akuti iwo analawa, zakwana, ndipo matikiti onse awiri obwerera sangapse mkamwini akuona. Ndafunsa mwana wanga ngati alibe mpando wothyoka woti ndikaukonzere kwathu. Wati zonse n'zolimba, ndinakhoma ndine.

Lachisanu, 13 Juni
Lole yanyamuka. Mayi anatulutsa mutu pawindo n'kunena motsitsa, kuti alamu asamve, "Musadye kanthu m'mawa, bambo. Mukachita mantha tsinzinani, sindiuza munthu."

Loweruka, 14 Juni
Ndili mkati. Mkamwini wandiperekeza mpaka pamene amaletsa, ngati ndingathawe. Andipatsa mpando wa pawindo, akuti ndi wabwino kwambiri. Lamba ndamanga, ndamasula, ndamanganso. Katebulo ka kutsogolo kwanga kali ndi sikuluu imodzi yomasuka. Ndauza mayi wa yunifolomu, wangomwetulira. Ndaipanikiza ndi chala. Tayamba kuthamanga.