Chijasi Changa Mumpatse Mnyamata Wanu

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, ngakhale kumeneko chisanu chikuluma. Ife kuno ndi thukuta lokhalokha. Ana anandibweretsa kuti chifuwa chija chipumeko, ndipo anachita lendi nyumba ya khonde lalikulu.

Chaka chatsopano tinadyera pakhonde pomwepo, dzuwa likuswa mtengo. Ana anga onse analipo, ngakhale wachisamba uja amene sapeza tchuthi. Anzanga akale akuntchito nawonso anafika. Nyama ndinaotcha ndine. Akamwini atandibweretsera mpando ndinati, "Kapatseni okalamba." Kenako ndinavina ndi mayi akunyumba mpaka nyimbo kutha, osagwira ndodo, adzukulu akuwomba m'manja. Mukanandiona, asuweni, mukanachita nsanje.

Chondidabwitsa nchakuti anawa sakukamba zobwerera kuntchito. Tisananyamuke, adokotala anayankhula ndi mwana wanga wamkazi payekha, ndipo masiku ano sandikaniza kanthu, ngakhale mchere. Sindinamufunse.

Chijasi chimene ndinasiya kwanu chija mumpatse mnyamata wanu. Nchofunda bwino. Chisangokhala m'sutikesi kudikira ine.

Ndine msuweni wanu,
Katswiri wa gule