Dzina la amai Lungu

Lachinayi, nyengo yokolola thonje. Lelo sindikumva kalikonse, ngakhale njala.

A Dokotala Mwanza, oyang'anila pepala langa la digili ku Lusaka, anandiimbila foni basi imene ndinakwela itaima pa Kacholola. Akuti ndichotse chaputala chachitatu. Ndi chija ndinalemba za ana a sukulu yathu pamene anachita sewelo ku Ndake, la mlembi amene ndikufufuza mabuku ake. Sewelolo limanena za alimi olandidwa minda dziko litalandila kale ufulu. Tsiku lija amai Lungu, mmodzi wa makolo, analowa m'bwalo n'kugwila malaya a mnyamata wosewela bwana, kumufunsa m'Chinsenga kuti mundawo anamugulitsa ndani.

Ine ndinkaona ngati nkhani yonse yagona pamenepo.

"Amai Tembo," anatelo a Dokotala, "za mlembi uyu alemba mapulofesa a m'maiko ambili. Tchulani iwowo. Amai Lungu anuwo analemba buku liti?"

Ndinangoti, "Chabwino, bambo." Kenako ndinagula nthochi pawindo, ndipo mpaka pano zili m'chikwama.

Mabuku a mapulofesawo ali patebulo pano. Onse amamutamanda mlembi uja kuti analembela anthu wamba. Chaputala chija ndachotsa, ndipo sizinanditengele nthawi.

Mawa ndikakumana ndi amai Lungu kumsika ku Nyimba. Nthawi zonse amandifunsa ngati dzina lawo linafika ku Lusaka. Ndikawauza kuti linafika. Zoti a Dokotala alibweza, kaya ndiyambila pati.