Za Masitepe Amene Anagwetsa Ba Jessy

KOMITI YA ZOMANGA, TCHALITCHI CHA YOSEFE WOYERA, KAMWENJE, DERA LA MPANSHYA

Tsiku: Loweruka, 15 Febuluwale 2025
Malo: M'chipinda cha katekisimu

Analipo: Ba Phineas Chipungu (Wapampando), Ba Mateyo Shamboko, Ba Edness Lungu (mtsogoleri wa amayi), Ba Marjory Nyendwa (Mlembi).
Woitanidwa: Ba Benedict Mumba, mmisiri wa miyala.
Sanabwere: Ba Felistus Mwanza, ali kuchipatala kusamalira mayi awo.

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 9 koloko m'mawa ndi pemphero la Wapampando.

2. Ngozi ya pa masitepe

Wapampando anati Lamulungu lapitali, mvula itangokata, Ba Jessy Mwanza, mayi a Ba Felistus, anaterereka pa masitepe atsopano a miyala potuluka m'Misa, nathyoka fupa la m'chiuno. Anati n'kutheka kuti sadzayendanso.

Ba Mateyo anati wolakwa ndi mmisiri. Anati: “Mwala uwala monga mbale, ndiye mwati sitepe? Ba Benedict achoke, ntchito ya guwa tipatse wina wa ku Chongwe.” Anawonjezera kuti mudzi wonse ukunena zomwezo, ndipo palibe adzawaitanenso ngakhale pomanga khola. Mawu ena amene Ba Mateyo ananena Mlembi sanawalembe, chifukwa si a m'bwalo la tchalitchi.

3. Yankho la mmisiri

Ba Benedict anafotokoza kuti mwala umamalizidwa molingana ndi malo ake. Wa pa guwa amausalaza, wa pakhoma amausiya monga unaswekera, koma wopondapo amaugogoda ndi hamala ndi tchizulo kuti ukhale wokhakhala, phazi lizigwira. Anati masitepe anawasiya otero mu Disembala, napita kukalima. Pobwera anawapeza akunyezimira.

Atafunsidwa amene anawasalaza, anati: “Sininaone na maso anga, siningatchule munthu. Koma zaka makumi atatu pa miyala, sininagwetsepo olo mbuzi.” Ba Mateyo anaseka okha.

Wapampando anapempha kuti ofuna mmisiri achotsedwe akweze manja.

4. Mawu a mtsogoleri wa amayi

Manja asanakwere, Ba Edness anaimirira. Anati amayi ataona miyala yokhakhala anayesa kuti ntchito inasiyidwa panjira, ndipo anachita manyazi poti ansembe anali pafupi kudzadalitsa tchalitchi. Choncho anatenga nkhulungo, miyala ya kumtsinje imene amasalazira pansi akazira nyumba, nakwecha masitepe ndi mchenga ndi madzi masabata atatu. Kenaka anayamba kupaka polishi wofiira Loweruka lililonse.

Ba Edness anati: “Tinali kuimba pokwecha, Ba Chair. Tinati nyumba ya Mulungu siingakhale monga pa thanthwe. Kufunsa sitinafunse.” Apa analira, ndipo msonkhano unaima mphindi khumi.

Ba Mateyo anafunsa chifukwa chake amayi anakhala chete sabata yonse munthu akunyozedwa pamsika. Funso linali loona, ngakhale wolifunsa ndiye anali patsogolo ponyoza.

5. Zogwirizana

(a) Ba Benedict alibe mlandu, ndipo apitiriza ntchito ya guwa. Izi zilengezedwe mawa pa Misa.
(b) Masitepe agogodedwenso kuyambira Lolemba. Pakali pano anthu azilowera khomo la m'mbali.
(c) Polishi asafikenso pa mwala wopondapo.
(d) Ba Mateyo apepese. Anati amva.

Wapampando analangiza kuti mayina a amayi amene anakwecha asalembedwe. Ba Benedict anavomereza, nati ululu wa Ba Jessy wakwana, tisawonjezere wina.

6. Zina ndi zina

Wapampando anati banja la Mwanza likuganizabe kuti wolakwa ndi mmisiri, ndipo anafunsa amene apite kuchipatala kukanena zoona. Aliyense anayang'ana pansi.

Mlembi anati apita yekha. Mayina a ena sanalembedwe monga mwa langizo, koma lake alilemba. Polishi wotsiriza, wa Loweruka lija ngozi isanachitike, anapaka ndi Marjory Nyendwa, ndipo Ba Jessy podutsa anamuyamikira kuti wagwira ntchito yabwino. Mlembi mtima ukumuwawa kwambiri.

7. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 1 Malichi 2025, malo omwewo. Ba Benedict anapempherera Ba Jessy, ndipo msonkhano unatha 11 koloko.

Wapampando: Phineas Chipungu ....................

Mlembi: Marjory Nyendwa ....................